Utoto wowala ukuulula zinsinsi za khungu la selo

Mayi aliyense amene adagonekapo ndiwo za nyama ya mbuzi mumphika usiku wa mwezi wa June amadziwa zomwe amapeza kukacha: mafuta oyera atagwirana pamwamba pa msuzi, pomwe mafuta ophikira a m'botolo ali pambalipo akadali amadzimadzi.

Onsewo ndi mafuta, koma khalidwe lawo n'losiyana. Ena salimbana n'kuzizira, amauma msanga, pomwe ena amayendererabe.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mitundu iwiri ya mafuta yotereyi imakhalira limodzi m'thupi mwa munthu aliyense, ndipo momwe imakhalirana ndi nkhani yomwe yakhala ikuzunguza mitu ya akatswiri a sayansi kwa zaka zambiri.

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Munthu wamkulu ali ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, ndipo selo lililonse lili ndi khungu lake, nembanemba yopyapyala yopangidwa ndi mafuta.

Nembanembayi ndiyo mpanda, ndiyonso chipata. Chakudya, mchere, madzi ndi mankhwala zimadutsa pamenepo. Tizilombo toyambitsa matenda nato timagogoda pomwepo. Ikang'ambika kwambiri, selo limafa.

Vuto n'lakuti nembanembayi ndi yopyapyala mosaneneka. Kuchindikala kwake ndi mananomita pafupifupi 5, pomwe mumilimita imodzi muli mananomita 1 miliyoni. Kuti munthu afike pa kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu, ayenera kusanjikiza nembanemba pafupifupi 20,000.

Kuonjezera apo, ilibe mtundu. Nanga chinthu chotere munthu angachione bwanji? Yankho lomwe akatswiri adapeza ndi utoto womwe umawala ukaunikidwa.

Zidayambira padziwe ndi m'khitchini

M'chaka cha 1774, Benjamin Franklin wa ku America adafotokoza zomwe adaona atathira sipuni yaing'ono ya mafuta padziwe la Clapham ku London. Mafutawo adayala mpaka kukuta malo pafupifupi theka la ekala, umboni wakuti mafuta amatha kupyapyala koposa momwe diso lingaonere.

Patapita zaka zoposa 100, nkhaniyi adaipititsa patsogolo ndi mayi wina wa mumzinda wa Braunschweig ku Germany, Agnes Pockels. Iye sadapite kuyunivesite chifukwa nthawi imeneyo akazi sankaloledwa, ndipo ankakhala pakhomo kusamalira makolo ake odwala.

Potsuka mbale, Pockels ankachita chidwi ndi momwe mafuta ndi sopo zimachitira pamwamba pa madzi. Adakonza kabeseni ka malata koyezera zimenezi, ndipo kalata yomwe adalembera katswiri wa ku England, Lord Rayleigh, idasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1891.

Njira yoyala mafuta pamadzi n'kuyeza malo omwe akuta ndiyo idathandiza Evert Gorter ndi François Grendel a ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Mu 1925, awiriwa adachotsa mafuta m'maselo ofiira a magazi n'kuwayala pamadzi. Adapeza kuti mafutawo akukuta malo owirikiza kawiri khungu la maselowo, choncho adati nembanemba ili ndi mizere iwiri ya mafuta yosanjikizana.

Masamu awo adali ndi zolakwika zina, koma mfundo yawo idali yoona. Kachidutswa kalikonse ka mafuta a munembanemba kali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iwiri yodana ndi madzi. Mitu imayang'ana kumadzi a kunja ndi a mkati mwa selo, pomwe michira imabisala pakati.

Kapangidwe kadadziwika, koma funso lidatsala: kodi mafutawa amangokhala duu ngati njerwa zapakhoma, kapena amayendayenda?

Kuwala kwa kwinini

Chida choyankhira funsoli chidachokera ku mankhwala omwe agogo ambiri kuno amawakumbukira chifukwa cha kuwawa kwake, kwinini wa malungo.

Mu 1845, John Herschel wa ku England adaona kuti madzi osungunuliramo kwinini, omwe amaoneka oyera, amatulutsa kuwala kwa buluu dzuwa likawaomba. Mu 1852, George Stokes wa ku Cambridge adafotokoza chifukwa chake: kwinini amameza kuwala komwe diso siliona, n'kubweza kuwala kwa mtundu wina komwe diso limaona. Khalidweli adalitcha fluorescence.

Zimenezi sizachilendo pamsika. Kanyali kabuluu komwe a kubanki ndi eni masitolo ena amaunikira ndalama pofuna kugwira zachinyengo kamagwira ntchito motero. Zovala zowala za apolisi apamsewu nazo zili ndi utoto wamtunduwu.

Kusiyana kwake ndi chiphaniphani n'kwakuti chiphaniphani chimapanga chokha kuwala kwake, pomwe utotowu umadikira kuunikidwa kaye.

Mu 1871, Adolf von Baeyer wa ku Germany adapanga utoto wa fluorescein womwe umawala mobiriwira. Kenako mu 1941, Albert Coons wa ku Harvard adamangirira utoto wowala ku asilikali a m'magazi, omwe amakagwira chinthu chimodzi chokha chomwe amachidziwa. Kuyambira pamenepo, katswiri adatha kusankha chomwe akufuna kuona m'selo, n'kuchiyatsa ngati nyali mumdima.

Nzeru yake ndi ya mbusa womanga belu pakhosi pa ng'ombe. Ng'ombeyo ikalowa m'tchire saiona, koma amadziwa komwe ili ndi komwe ikulowera.

Selo la mbewa, selo la munthu

Mu 1970, Larry Frye ndi Michael Edidin a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America adachita chinthu chomwe mpaka lero ophunzira za sayansi amachiwerenga. Adatenga selo la mbewa ya mulabotale ndi selo la munthu, n'kuwaphatikiza kukhala selo limodzi.

Mapuloteni a pakhungu la selo la mbewa adawaika utoto wobiriwira, a munthu adawaika wofiira. Poyamba selo latsopanolo lidaoneka ngati mpira wa mitundu iwiri, mbali ina yobiriwira, mbali ina yofiira.

Patatha mphindi 40 pa kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37, mitundu ija idali itasakanikirana ponseponse. Atawaziziritsa maselowo, kusakanikiranako kudachedwa kwambiri, monga momwe mafuta a mumphika aja amachitira.

Apa zidaonekeratu kuti khungu la selo si khoma louma. Mu 1972, Jonathan Singer ndi Garth Nicolson a ku California adalongosola kuti nembanemba ili ngati nyanja ya mafuta momwe mapuloteni amayandama ngati mabwato.

Mu 1976, gulu la Watt Webb pa yunivesite ya Cornell lidakonza njira yoyezera liwiro la kayendedweka. Amapaka khungu lonse la selo utoto wowala, kenako amaomba kamalo kamodzi ndi kuwala kwamphamvu kwa laser mpaka utoto wa pamenepo utazima. Akatero amawerenga nthawi yomwe imatenga kuti kamalo kakudako kawalenso.

Zili ngati kutunga madzi pachithaphwi chodzaza ndere: pomwe padutsa chikho pamayera, koma posakhalitsa ndere zam'mbali zimabwera kudzatseka. Zikatseka msanga ndiye kuti pamwambapo zinthu zikuyenda momasuka.

Lero zimadziwika kuti kachidutswa kamodzi ka mafuta kamatha kusinthana malo ndi anzake oyandikana nawo maulendo mamiliyoni pa sekondi imodzi.

Tizilumba toyandama

Koma nyanja ya mafutayi si yofanana paliponse. Munembanemba muli mitundu mazanamazana ya mafuta. Ena ali ndi michira yowongoka ndipo amathithikana bwino ngati mtolo wa bango. Ena ali ndi michira yokhota, sagwirana kwenikweni, ngati mtolo wa nkhuni zopindikapindika.

Palinso kolesterolo, yemwe ambiri amangomumvera mbiri yoipa kuchipatala. Akachuluka m'magazi ndi woopsadi, koma pakhungu la selo ndi wofunika: amalowa m'mipata ya pakati pa michira n'kulimbitsa nembanemba kuti isamadonthe.

Mu 1997, Kai Simons ndi Elina Ikonen, akatswiri a ku Finland omwe ankagwira ntchito ku Heidelberg m'dziko la Germany, adati kolesterolo ndi mafuta a michira yowongoka amasonkhana n'kupanga tizilumba tolimbirapo toyandama pakati pa mafuta ofewa. Tizilumbati adatitcha lipid rafts.

Amene adaimapo pamlatho wa Liwonde n'kuona magulu a namasupuni akuyandama pamtsinje wa Shire, akugundana, kugwirana ndi kupatukananso, ali nacho kale chithunzi chake.

Malinga ndi ganizoli, mapuloteni ena amakwera pa tizilumbati kuti akumane ndi anzawo n'kutumiza uthenga mkati mwa selo. Ganizoli lidakopa ambiri, koma padafunika umboni wooneka ndi maso.

Apa m'pomwe padagwira ntchito utoto wanzeru womwe adapanga Gregorio Weber, katswiri wobadwira ku Argentina yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Illinois. Utotowu, wotchedwa Laurdan, uli ndi mchira wa mafuta, choncho umalowa wokha munembanemba.

Chodabwitsa chake n'chakuti umasintha mtundu malinga ndi malo omwe wakhala. Pomwe mafuta ali othithikana ndipo madzi sakulowerera, umawala mwa buluu. Pomwe mafuta ali otayana ndipo timadzi tikulowa pakati pa mitu, kuwala kwake kumapendekera kobiriwira. Poyerekeza mitundu iwiriyi, katswiri amajambula mapu oonetsa polimba ndi pofewa.

Akatswiri ena adapanga timatumba ta mafuta mulabotale, tofanana ndi thovu la sopo, posakaniza mitundu itatu yokha ya mafuta. Mu 2003, Sarah Veatch ndi Sarah Keller a ku Seattle, komanso Tobias Baumgart ndi anzake a ku Cornell, adaonetsa zithunzi za timatumbati tili ndi mawanga ngati nkhanga. Akatitenthetsa mawangawo amatha, akatiziziritsa amabweranso.

Mulabotale nkhani idaoneka ngati yatha. Koma atayang'ana maselo amoyo, mawanga akuluakulu otere sadaoneke.

Chifukwa chimodzi chidali malire a makina a maikulosikopu. Kale mu 1873, Ernst Abbe wa ku Germany adaonetsa kuti makina ogwiritsa ntchito kuwala sangalekanitse tinthu tiwiri toyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200. Pamsonkhano womwe udachitikira ku Colorado mu 2006, akatswiri adagwirizana kuti tizilumbati ndi ta mananomita 10 mpaka 200, ndipo sitikhalitsa. Kunena kwina, tambiri tili kuseri kwa malire a Abbe.

Stefan Hell wa ku Göttingen adapeza njira yolambalala malirewa pozimitsa utoto wonse wozungulira kadontho kamodzi. Mu 2009, iye, Christian Eggeling ndi anzawo adalondola mafuta opakidwa utoto pakhungu la selo lamoyo. Adapeza kuti mitundu ina ya mafuta imaima kaye pa timalo tosakwana mananomita 20 kwa kanthawi kosafika kuphethira kwa diso, ndipo akachotsa kolesterolo kuimako kumachepa.

Mu 2014, Hell adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Eric Betzig ndi William Moerner chifukwa cha makina oona kupyola malire akalewo.

Belu likasintha mayendedwe

Ngakhale zili choncho, mkangano sudathe, ndipo gwero lake ndi belu lomwe lija. Belu laling'ono pakhosi pa ng'ombe silivuta. Koma belu lomwelo pakhosi pa nkhuku, zomwe munthu angaone si mayendedwe a nkhuku ayi, koma a nkhuku yolemedwa.

Utoto wowala nthawi zina umakhala waukulu pafupifupi ngati kachidutswa ka mafuta komwe waumangirirako. Kafukufuku waonetsa kuti mafuta ambiri omwe mwachibadwa amakhala pamalo othithikana, akangopakidwa utoto amakanika kulowanso pakati pa anzawo, n'kukapezeka kumalo ofewa. Mboni yotere ikhoza kusokeretsa mlandu.

Chitsanzo china ndi cha poizoni wa kolera. Kuyambira mu 1973 zimadziwika kuti poizoniyu amagwira mtundu wina wa mafuta wotchedwa GM1 pakhungu la selo. Akatswiri amatenga mbali yake yosavulaza, n'kuipaka utoto kuti iwalozere pomwe pali tizilumba.

Koma mbali imeneyi ili ndi manja asanu, ndipo imatha kugwira tizidutswa ta GM1 tisanu nthawi imodzi n'kutikokera pamodzi. Choncho funso limabuka: kodi chilumbacho chidalipo kale, kapena wachipanga ndi mlendoyo?

Njira yakale yosungunula maselo ndi mankhwala onga sopo pamalo ozizira nayo idakayikiridwa pachifukwa chomwecho. Mu 2003, Sean Munro wa ku Cambridge adalemba poyera kukayikira ngati umboni womwe udalipo udali wokwanira.

Kukayikiraku kudathandiza. Masiku ano katswiri wosamala sakhulupirira utoto umodzi. Amayamba wauyesa pa timatumba ta mulabotale momwe yankho akulidziwa kale, kenako amayerekeza ndi utoto wina komanso njira zina zosagwiritsa ntchito utoto. Zonse zikaloza kumodzi, m'pomwe amatsegula pakamwa.

Ambiri tsopano amavomereza kuti khungu la selo si lofanana paliponse, ndipo tizilumbati ndi tating'ono, tosachedwa kupangika ndi kubalalika. Za kukula kwake kwenikweni ndi chomwe chimatiyendetsa, akadakambiranabe.

Phindu lake pakhomo

Wina atha kufunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wogulitsa tomato pa Lizulu kapena wokhoma zidebe pa Mponela. Yankho lili m'matenda omwe mabanja ambiri akuwadziwa bwino.

Kachilombo ka HIV kakamatuluka m'selo la munthu kamadzikuta ndi chidutswa cha khungu la selolo ngati chofunda chakuba. Mu 2000, Dzung Nguyen ndi James Hildreth a ku Johns Hopkins adapeza umboni wakuti kamatulukira pamalo odzaza kolesterolo. Mu 2009, akatswiri a ku Heidelberg adapaka kachilomboka utoto wa Laurdan, ndipo udaonetsa kuti chofunda chakecho ndi cha mafuta othithikana.

Mulabotale, akachotsa kolesterolo pachofundachi, kachilomboka kamalephera kulowa m'selo lina. Koma izi sizikutanthauza kuti kusala zakudya zamafuta kumateteza ku HIV. Thupi limapanga lokha kolesterolo wambiri, ndipo chithandizo chodalirika chikadali ma ARV.

Kolera, yemwe mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nayenso amadzera pakhomo la mafuta. Poizoni wake akagwira GM1 pakhungu la maselo a m'matumbo amalowa mkati, n'kuchititsa maselowo kutaya mchere ndi madzi ochuluka. N'chifukwa chake wodwala amafunika thanzi ORS mwamsanga.

Palinso matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi, omwe amagwira kwambiri anthu omwe chitetezo chawo chatsika. Mankhwala ake amphamvu, amphotericin B, amapha fangasiyo pogwira mafuta a pakhungu lake otchedwa ergosterol. Tsoka lake, mafutawa amafanana ndi kolesterolo wa munthu, choncho mankhwalawa amatha kuvulaza impso.

Akawatsekera m'timatumba ta mafuta ngati tija ta mulabotale, kuvulazako kumachepa. Kafukufuku wa AMBITION, yemwe adachitikira m'maiko asanu a mu Africa kuphatikizapo Malawi, ku Blantyre ndi Lilongwe, adaonetsa kuti kulandira mankhwala a m'timatumbawa kamodzi kokha kudzera mudiripi, pamodzi ndi mapiritsi a masabata awiri, kumathandiza mofanana ndi kulandira akale aja kwa masiku 7, ndipo zovuta zake n'zochepa. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2022, ndipo chaka chomwecho bungwe la World Health Organization lidavomereza njirayi.

Utoto wowala umagwiranso ntchito poyeza chifuwa chachikulu cha TB. Kachilombo kake kali ndi chikopa cha mafuta onga phula, chomwe chimasunga utoto wa auramine ngakhale atatsuka ndi asidi. Pamakina a maikulosikopu, tizilomboti timaoneka ngati timitengo towala mwachikasu pamalo akuda. Mu 2011, bungwe lomweli lidalimbikitsa makina a nyali za LED oonera utotowu, ngakhale kuti pambuyo pake makina onga GeneXpert ndiwo adayamba kutsogola poyeza matendawa.

Ngakhale sopo wapabafa ali m'nkhani yomweyi. Tizilombo tokutidwa ndi mafuta, monga ka Covid-19, timatha mphamvu sopo akamwaza chofunda chathocho, monga momwe amachotsera mafuta m'mbale.

Kuchokera pa sipuni ya Franklin kufika pa makina a Hell padadutsa zaka zoposa 230, ndipo palibe mmodzi mwa akatswiriwa amene adaona chithunzi chonse. Wina adayeza kuchindikala, wina adaona kuyenda, wina adapeza mawanga, winanso adafunsa ngati mawangawo sadabwere ndi utoto womwewo.

Funso lomalizali ndilo likuteteza odwala, chifukwa mankhwala omangidwa pa chithunzi cholakwika amataya ndalama, nthawi ndi miyoyo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.